Kambalame ka Bambo Helmer

Akhristu ambiri amaidziŵa nkhani ya mneneri Natani ndi mfumu Davide, imene timaiŵerenga pa 2 Samuele 12. Davide adatenga mkazi wa Uriya, naphetsa mwamunayo ku nkhondo, ndipo m'dziko lonse munalibe munthu wolimba mtima woti nkuiwuza mfumu maso ndi maso kuti yachimwa. Natani sadayambe ndi chidzudzulo. Adafika ngati munthu wodzatula mlandu wa anthu ena, nasimba za munthu wina wolemera, wa ziŵeto zambiri, amene adalanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka mnzake wosauka nakaphera mlendo. Davide adapsa mtima, nagamula mlanduwo mwaukali, osadziŵa kuti akudzigamula yekha. Pamene Natani adamuululira mwini nkhaniyo, mfumu idasoŵa koloŵera, pakuti chiŵeruzo chinali chitatuluka kale m'kamwa mwake.

Imeneyi ndiyo ntchito ya fanizo. Mau olunjika kaŵirikaŵiri amapeza munthu atapiringidza chitseko, koma fanizo limafika ngati mlendo wopempha madzi akumwa, ndipo mwini nyumba amadzazindikira atalipatsa kale mpando. Amai athu ankazidziŵa zimenezi pamene ankaimba pamtondo za mwamuna wina wake wosatchulidwa dzina, mwini nkhaniyo ali chikhalire pakhonde, akumva zonse, koma wopanda poti nkuimbira mlandu.

Komabe m'fanizo la Natani muli kanthu kamene kadayamba kundivuta ndili ku seminale. Bateseba m'menemo ndi kamwana ka nkhosa. Kamadya m'mbale ya mwini wake, kamaleredwa ngati mwana wa m'nyumba, koma sikalankhula. Mlandu uli pakati pa amuna aŵiri, wolanda ndi wolandidwa. Sindikuti mneneriyo adalakwa. Adalankhula kwa mfumu ya masiku amenewo m'njira imene mfumuyo ikadamva. Koma ndinkadzifunsa kuti kankhosako kakadatsekula pakamwa, kakadanena zotani, kwa wolanda uja komanso kwa mwini wake wokakondayo. Yankho lina ndidadzalipeza m'seŵero la munthu wa dziko lakutali, ndipo ndilo ndifuna tikambirane mwezi uno.

Mlembi wake ndi Henrik Ibsen wa ku Norway, amene adabadwa mu 1828 namwalira mu 1906. Seŵeroli adalilemba ali ku Italy, ndipo lidaonetsedwa koyamba mu mzinda wa Copenhagen, ku Denmark, pa 21 Disembala 1879. M'chinenero chake adalitcha Et dukkehjem, ndiye kuti pakhomo pa chidole. Oŵerenga Chingerezi amalidziŵa ndi dzina loti A Doll's House. Banja la m'menemo ndi la anthu a m'tauni, a mpingo wa Lutheran, okhala ndi piyano ndi antchito, m'dziko lozizira. Wina angafunse kuti tifunako chiyani kumeneko. Ndipempha kuti andipirire pang'ono.

Torvald Helmer ndi loya amene wangosankhidwa kumene kukhala mkulu wa banki. Iye ndi mkazi wake Nora akhala m'banja zaka zisanu ndi zitatu, ali ndi ana atatu, ndipo seŵero likuyamba tsiku loti maŵa Khrisimasi. Torvald si munthu wankhanza monga ife timaiŵerengera nkhanza. Samenya, si chidakwa, sayenda ndi akazi ena, ngongole amaiopa ngati njoka. Akadakhala m'parishi mwathu tikadamsankha kukhala msungichuma osachita nkuvota. Mkazi wake amamkonda, ndipo chikondicho chimatulukira m'maina amene amamtcha: kambalame kake koimba, kagologolo kake, kambalame komwaza ndalama. Tisanamuone nkomwe, timamumva ali m'chipinda china akufunsa ngati ndi kambalame kake kamene kakulira kunjako.

Apa Chicheŵa chathu chitithandiza kuposa ndemanga za anthu ophunzira. Tili ndi kaliwu kakang'ono, ka-, kamene timakaika patsogolo pa dzina. Tikati kamwana kanga, mtima uli fee ndi chikondi. Tikati kamunthu aka, tikunyoza. Liwu ndi limodzi lomwelo, ndipo wolimva ayenera kuyang'ana nkhope ya wonenayo kuti adziŵe tanthauzo. Maina onse a Torvald ali ndi ka- ameneyu, ndipo onse amathera ndi kanga. Ibsen safuna kuti tisankhe ngati ndi chikondi kapena chinyozo; afuna tione kuti ziŵirizi zingathe kukhala m'liwu limodzi zaka zisanu ndi zitatu, wonenayo osazindikira. Kambalame umakadyetsa, umakateteza, umakondwa kakamaimba. Sukafunsa nzeru. Sukaonetsa buku la ndalama. Mnyumba mukagwa vuto sukhala nako pansi kuti mugaŵane maganizo. Dzinalo lagamula kale zonsezi popanda wina kuika lamulo. Ndipo chomvetsa chisoni nchakuti Nora adaphunzira kuligwiritsa ntchito. Akafuna kanthu kwa mwamuna wake sapempha ngati munthu wamkulu. Amadzitcha yekha kagologolo, nalonjeza kuti kadzadumphadumpha mokondweretsa ngati mwini wake akachitira chifundo.

Koma Nora ali ndi chinsinsi. Banja litangoyamba, Torvald adadwala kwakayakaya chifukwa chogwira ntchito mopitirira muyeso, ndipo madokotala adauza Nora yekha kuti mwamunayo akapanda kupita ku dziko lofunda adzafa. Ndalama panalibe. Lamulo la masiku amenewo silinkalola mkazi wokwatiwa kukongola popanda chilolezo cha mwamuna wake, ndipo Torvald sakadalola. Bambo ake a Nora, amene akadamuimira pa ngongoleyo, anali pafupi kufa. Tsono Nora adakongola makrona 4,800 kwa munthu wina dzina lake Krogstad, nasaina yekha dzina la bambo ake pa chikalata. Adalembapo tsiku la 2 Okutobala, chonsecho nkhalambayo idamwalira pa 29 Seputembala. Adakakhala ku Italy chaka chathunthu, Torvald nachira, akuganiza kuti ndalamazo zidachokera kwa apongozi ake. Kuyambira pamenepo Nora wakhala akubweza ngongoleyo mobisa, podzimana pa ndalama zogulira zovala zake, ndiponso pogwira ganyu yokopera makalata usiku atadzitsekera m'chipinda.

Taonani tsono luso la mlembiyu. Ife oonera timamva chinsinsichi seŵero likadali koyambirira, Torvald osachidziŵa. Kuchokera pamenepo, nthaŵi iliyonse akamtcha mkazi wake kambalame komwaza ndalama, timadziŵa kuti mpweya umene akunenera mauwo adamgulira ndi kambalame komweko. Ali ngati Davide pamaso pa Natani: liwu lililonse lotuluka m'kamwa mwake likumuŵeruza, iye ali mwetumwetu.

Ibsen salalika. Amangoika tinthu ting'onoting'ono m'chipinda nkutisiya kuti tilankhule tokha. Nora ali ndi timabisiketi totsekemera m'thumba, timene mwamuna wake adamletsa kudya poti tingamuwonongere mano; amadya mobisa, napukuta pakamwa, nkukana pofunsidwa. Mai wa ana atatu akunama ngati mwana wogwidwa ndi shuga pamilomo, ndipo timaseka, koma kenaka timazindikira kuti m'nyumba imene munthu wamkulu ayenera kubisa bisiketi, sangaulule ngongole. Pali mtengo wa Khrisimasi umene m'chigawo choyamba Nora akuukongoletsa, ndipo m'chigawo chachiŵiri taupeza uli pangodya, wovulidwa zokometsera zake, makandulo atapsa mpaka kutsinde. Pali bokosi la makalata la pa chitseko, limene kiyi wake amasunga Torvald yekha. Krogstad, amene ndi wantchito pa banki yomweyo, atachotsedwa ntchito ndi Torvald adalemba kalata youlula zonse naiponya m'bokosimo. Nora ankatha kuiona kalatayo ili m'kati, nkhani ya moyo wake weniweni, koma analibe mphamvu yotsekula bokosi la pa khomo lake lomwe.

Chachikulu pa zonsezi ndi gule. Banjali lidaitanidwa ku phwando la ovala zachilendo, ndipo Torvald adafuna kuti mkazi wake akavine tarantella, gule wa kumwera kwa Italy, atavala ngati mtsikana wa asodzi. Anthu a kumeneko kale ankakhulupirira kuti munthu wolumidwa ndi kangaude wina waululu ayenera kuvina mwamphamvu kufikira ululuwo utatuluka. Pofuna kumchedwetsa kutsekula bokosi lija, Nora adapempha mwamuna wake kuti amphunzitse, navina ngati wopenga, tsitsi lili balala, osamvanso malangizo. Torvald adangoona mwana wa sukulu woiŵala zimene adaphunzitsidwa. Mkazi wake akuvina ululu wa imfa pamaso pake, iye akuŵerenga mapazi.

Nora anali ndi chiyembekezo chimodzi chimene ankachitcha chinthu chodabwitsa. Ankakhulupirira kuti mwamuna wake akadzadziŵa, adzaimirira pamaso pa anthu nkunena kuti mlanduwo ndi wake, ndipo iye anali atakonzeka kudziponya m'madzi kuti asalole mwamunayo kusenza zotere. Usiku wa phwando Torvald adaiŵerenga kalatayo. Sadafunse kuti ndalamazo zidagwira ntchito yanji. Adamtcha mkazi wake wachinyengo, wabodza, chigaŵenga. Adati wamuwonongera tsogolo. Adagamula kuti apitirize kukhala m'nyumbamo kuti anthu asadziŵe kanthu, koma ana asaŵalerenso. Ali m'kati molalata, idafika kalata yachiŵiri: Krogstad wasintha mtima, wabweza chikalata cha ngongole. Torvald adafuula kuti wapulumuka, kunena za iye mwini, kufikira Nora adachita kufunsa ngati nayenso wapulumuka. Adatentha mapepalawo pa moto, nayamba kukhululuka.

Pamenepa mpomwe Ibsen adaika m'kamwa mwa Torvald mafanizo okoma kuposa onse a m'seŵeroli, ndipo adatero dala. Mwamunayo akuti ali ndi mapiko aakulu ofungatira kambalame kake kamantha, akuti adzakasunga ngati nkhunda yopulumutsidwa ku zikhadabo za mphamba, akutinso pomkhululukira wamsandutsa mkazi ndi mwana wake pamodzi. Mkhristu aliyense adzamva kuti mauŵa ali ndi fungo la Malembo Oyera. Masalimo amakamba za mthunzi wa mapiko a Mulungu, ndipo Ambuye Yesu polira mzinda wa Yerusalemu adadzifanizira ndi nkhuku yosonkhanitsa anapiye ake. Koma aliyense amene adakulira kumudzi adaiwona nkhuku ya anapiye mphamba akatsika. Imafutukula nthenga, imalumphira mdaniyo, imaika thupi lake pakati. Torvald watambasula mapiko mphamba atapita kale, ndipo mphindi zoŵerengeka zapitazo zikhadabo zinali zake. Pamene iye akunena zokomazi, Nora ali m'chipinda china akuvula zovala za gule zija. Adatuluka atavala zovala za masiku onse, nauza mwamuna wake kuti akhale pansi, pakuti chikwatirane sadakhalepo pansi aŵiriwo kukamba nkhani yolemera.

Kankhosa kaja katsekula pakamwa. Nora ali ndi fanizo limodzi lokha lalikulu, ndipo sadalipeke yekha. Adakumbukira kuti bambo ake ankamtcha kachidole kao, namaseŵera naye monga iye ankaseŵerera ndi zidole zake. Ndiye adati kuchoka m'manja mwa bambo adangoloŵa m'manja mwa mwamuna, nakhala mkazi wachidole m'nyumba yoseŵereramo. Sadatsutse maina a Torvald. Adangoŵatsata mpaka kumene amathera. Kambalame kali ndi moyo, kangathe kuuluka. Chidole chilibe. Tonse tidaonapo kamtsikana katabereka chitsononkho kumbuyo, kakuchiimbira, kakuchiyamwitsa, kakuchikonda ndi mtima wonse popanda chinyengo. Koma amake akaitana kuti nsima yapsa, chitsononkhocho chimagwera pomwepo m'fumbi. Chikondi chinalipo ndithu, koma chinali cha mwini maseŵera, ndipo maseŵera amatha mwini wake akafuna. Chimene chimalipatsa mphamvu fanizoli nchakuti Nora sadadzichotsemo: adavomera kuti nayenso ana ake adaŵayesa zidole zake. Atatero adabweza mphete ndi makiyi, natuluka, ndipo chomaliza kumveka m'seŵeroli ndi chitseko cha kunja chikutsekedwa.

Mpeni wa mlembiyu sudalambalale ife abusa. Torvald atamkumbutsa za chipembedzo, Nora adayankha kuti chimene amadziŵa ndi zokhazo zimene mbusa adamuuza pamene ankakonzekera kulimbitsidwa m'chikhristu, ndipo afuna akadzionere yekha ngati nzoona. Nditaŵerenga koyamba ndidakhumudwa. Pambuyo pake ndidadzifunsa kuti ndi akazi angati amene tidaŵapatsa katekisimu wa zaka khumi ndi ziŵiri nkuŵatumiza naye m'banja la zaka makumi anai, osaŵaphunzitsanso kanthu koposa kupirira.

Pakuti nafenso tili ndi fanizo lathu lalikulu la banja, ndipo taligwiritsa ntchito mwatheka. Pa Aefeso 5 Paulo Woyera akufanizira mwamuna ndi mutu. Ndime imeneyi imaloŵezedwa ngakhale ndi amuna amene tchalitchi amangochiona pa maliro. Chimene amaiŵala nchakuti ndime 21, imene ikutsekula nkhani yonseyo, ikulamula Akhristu onse kugonjerana, ndiponso kuti mutu umene Paulo akuunena ndi Khristu, amene umutu wake adauonetsa pofera Mpingo. Papa John Paul II, m'kalata yake ya 1988 yotchedwa Mulieris Dignitatem, adafotokoza kuti m'banja kugonja sikuli kwa mbali imodzi koma kwa onse aŵiri, ndiponso kuti kulamulira kwa mwamuna pa mkazi kotchulidwa pa Genesis 3:16 ndi chipatso cha tchimo, si chifuniro cha Mlengi pachiyambi. Tsono taganizirani chinthu chodabwitsa chija chimene Nora ankayembekeza. Ankayembekeza mwamuna wosenza mlandu wa mkazi wake. Ndicho chimene Paulo akulamula, osati china. Torvald adayankha kuti angamgwirire ntchito usana ndi usiku, koma palibe mwamuna wotaya ulemu wake chifukwa cha amene amamkonda. Nora adamkumbutsa kuti akazi osaŵerengeka adachita zimenezo. Pa aŵiriŵa, amene adachita za Khristu, kudziika pa ngozi kuti mnzake akhale moyo, ndi uja ankatchedwa kagologolo. Anthu a 1879 adati seŵeroli likugwetsa ukwati. Ine ndiona kuti likuyesa mwamuna ndi muyeso umene iye mwini amanyadira, ndipo wapezeka wopepuka.

Kwathu kuno mafanizo a banja sasoŵa. Timati mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Timati tonde azinunkha. Ndipo pa chilangizo cha akwati ndamva kangapo amai aakulu akuuza mtsikana kuti mwamuna ndi mwana, azimnyengerera, asamamfunse kumene wachokera. Ichi chidandidabwitsa, pakuti kwa Ibsen wosandutsidwa mwana ndi mkazi, kwathu ndi mwamuna. Koma onani kumene phindu likugwera. Nora atatchedwa mwana adalandidwa mau. Mwamuna wathu akatchedwa mwana amachotseredwa mlandu. Pa nthaŵi yogamula za ndalama ndi mutu. Pa nthaŵi yofotokoza kumene ndalamazo zapita ndi mwana. Mkazi ayenera kumvera mutu ndi kulera mwana m'thupi limodzi lomwelo, ndipo palibe ora limene angakumane ndi munthu wamkulu mnzake woti nkukhala naye pansi. Amuna nawonso ali ndi maina oŵamanga. Amene adakhalapo pa chikamwini amadziŵa kuŵaŵa kwake pomva kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, iye atamanga nyumba ndi kulima munda zaka khumi. Dzina lotere limamuuza munthu kuti asazike mizu, ndipo ena amalimvera.

Koma ndikadakhala wosyasyalika ndikadangolitama seŵeroli. Lili ndi bala, ndipo balalo ndi ana. Ana atatu aja timaŵaona m'chigawo choyamba akuseŵera chibisalirano ndi mai wao. Pambuyo pake amangotsekeredwa kuchipinda. Mlembi amene adationetsa kuipa kosandutsa munthu chidole, ana aŵa adaŵasandutsa zidole za seŵero lake: amaŵatulutsa akaŵafuna, naŵabweza m'bokosi. Ndiponso chifukwa chimene Nora akuŵasiyira nchokayikitsa. Kumapeto kwa chigawo choyamba Torvald adanena kuti kholo labodza, makamaka mai, limathira ululu m'mitima ya ana, ndipo Nora adachita mantha nayamba kuŵatalikira. Usiku womaliza adakayika za mbusa, za lamulo la dziko, za bambo ake, za chikondi cha mwamuna wake, koma chigamulo chakuti iye sayenera kulera ana adachivomera. Pa ziphunzitso zonse za Torvald adatuluka atasenza chimodzi, ndipo chinali choipitsitsa.

Ibsen adachita chilungamo pa chinthu chimodzi: adationetsa amene adzatsale ndi anawo. Ndi Anne-Marie, mlezi wokalamba amene adaleranso Nora. Ali mtsikana wosauka adabala mwana, mwamuna wake wa mimbayo osamthandiza, ndipo adasiya mwana wakeyo kwa anthu ena kuti apeze ntchito yolera wa eni ndalama. Chitseko chikutsekukira Nora chifukwa pali mkazi wina wosauka amene sangatuluke.

Nkhani ya ana idavuta anthu kuyambira pachiyambi. Mu 1880 mai wina wotchuka pa zisudzo ku Germany, Hedwig Niemann-Raabe, adakana kuseŵera mathero amenewo, nati iye sangasiye ana ake. Popeza kumeneko kunalibe lamulo loteteza zolemba zake, Ibsen adaopa kuti ena angalisinthe moipa, nalemba yekha mathero ena: Torvald akukokera Nora pa khomo la chipinda cha ana ali m'tulo, Nora nkugwa pansi, osachokanso. Mlembiyo adaŵatcha mathero ameneŵa nkhanza yochitira seŵero lake, ndipo ndigwirizana naye, ngakhale ndine wansembe. M'mathero enieni ana aiŵalika; m'mathero achiŵiriŵa asanduka chingwe chomangira mai wao, Torvald osasintha kanthu. Nyumba yotere ndaziona, ndipo ana okuliramo amadziŵa kuti iwo ndiwo chingwe.

Kodi Nora akadafika pa ofesi ya parishi usiku umenewo ndikadamuuza chiyani? Mpingo sulamula munthu kukhala pamene moyo wake uli pa ngozi. Malamulo a Mpingo a 1983, pa nambala 1153, amalola kupatukana ngati wina akuika mnzake kapena ana pa ngozi yaikulu ya thupi kapena ya mzimu, ndipo malemu Papa Francis m'kalata ya Amoris Laetitia ya 2016 adati nthaŵi zina kupatukana kumakhala koyenera pofuna kuteteza wofooka ndi ana ku nkhanza. Za Nora sizidafike pamenepo, ndipo sindikadamuuza kuti achoke. Ndikadati tidikire kuche, tiitane ankhoswe. Koma m'seŵero lonseli mulibe nkhoswe, mulibe malume, mulibe mphakati. Banjali lili lokhalokha m'zipinda zake zofunda. Pamenepa ife tili ndi chuma chimene iwo analibe. Chondiopsa nchakuti ankhoswe athu akadamva kuti mwamunayo samenya, saledzera, ndipo wakhululuka, akadamuuza Nora kuti banja ndi kupirira, nkutembenukira kwa Torvald kumthokoza. Mwina nanenso ndikadaomba nao m'manja.

Tisaganize kuti Ibsen adakokomeza. Nkhaniyi adaitenga pa moyo wa mai wina amene ankadziŵana naye, Laura Kieler, amene adakongola mobisa kuti apite ndi mwamuna wake wodwala chifuwa chachikulu ku dziko lofunda, nagwa m'chinyengo polephera kubweza. Mwamunayo atadziŵa adalekana naye, namtumiza ku chipatala cha odwala misala. Patapita nthaŵi adabwerera kwa mwamunayo ndi ana, nadzakhala mlembi wodziŵika ku Denmark. Iye sadatseke chitseko, adachita kumtsekera.

Chimene ambiri amaiŵala, pokumbukira chitseko chokha, nchakuti m'seŵeroli muli banja lachiŵiri. Kristine Linde, mnzake wa Nora wa pa ubwana, kale adakana Krogstad amene ankamkonda, nakwatiwa ndi munthu wachuma kuti asamale mai ake odwala ndi alongo ake aang'ono aŵiri. Tsopano ndi wamasiye, wopanda mwana, wozoloŵera kudzigwirira ntchito, ndipo ndiye wapatsidwa malo a Krogstad ku banki. Usiku womwewo, gule ali m'kati m'chipinda cha pamwamba, aŵiriŵa adakumana m'nyumba ya a Helmer. Krogstad adadzifanizira ndi munthu amene chombo chamswekera, wogwirira thabwa pa nyanja. Kristine adati nayenso ndi wotero, ndipo aŵiri ogwirizana pa thabwa limodzi ali ndi mwai woposa aliyense payekha. Wofunsira ndi mkazi, wa ntchito ndi mkazi, mwamuna ali ndi mbiri yoipa imene mkaziyo akuidziŵa yonse. M'fanizo lao mulibe ka-, mulibe wamkulu ndi wamng'ono, onse anyowa. Ndipo ndi Kristine amene adaletsa Krogstad kukatenganso kalata yoyamba ija, nati aŵiri enawo ayenera kuuzana zoona. Torvald akadamva fanizo limeneli akadati nlosakoma, ndipo nzoona kuti silingaimbidwe pa ukwati.

Mwezi wathawu ndidaisimba nkhani yonseyi kwa achinyamata okonzekera ukwati woyera, monga ndaisimbira pano, kupatula za Germany. Nditamaliza, mnyamata wina adakweza dzanja. Adati, "Bambo, ine mnzangayu ndimamuitana kuti kamwana kanga, ndipo amakondwa. Ndiye ndileke?" Ndidamuuza kuti funsolo si langa, afunse mwini wake ali pambali pakeyo. Mtsikanayo adayang'ana pansi nthaŵi yaitali, akupotokola nsonga ya chitenje, mpaka ndidaganiza kuti sayankha. Kenaka adati, "Aziitana choncho, Bambo, palibe kanthu. Koma andiuze malipiro ao." Atsikana onse adaseka. Mnyamatayo sadaseke, ndipo pamene ena ankatuluka aŵiriwo adatsalira pa benchi, akulankhula motsitsa mau, kufikira wotseka holo adachita kuŵapempha kuti atuluke.